Mpheta za Chrispin

Chrispin atabwera kuchokera ku Joni, katundu wake sadavutitse wakabaza. Chikwama chimodzi, jekete lachikopa limene ankalivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndi mawu ena a Chingerezi amene ankawanyadira ngati mwana wachisamba. Basi. Zaka zonse zimene adathyola malalanje m'mafamu a ku Limpopo zidathera m'mimba ndi pa lendi, monga zidathera za bambo ake m'migodi masiku a Theba. Koma musaganize kuti munthuyo adafika atazyolika. Ayi ndithu! Ankayenda m'mudzi wa kuchikamwini kwake, kuchigwa cha Bwanje, ngati wangosiya galimoto kumsewu ndipo posachedwa apita kukaitenga.

Mawuwo anali akuti close-knit. Adawatola tsiku lina Mmalawi mnzawo atamwalira pafamu paja. Anyamata a ku Ntcheu, a ku Dedza, a ku Mangochi, onse adasiya ntchito, kusonkha kangachepe, kukhuza malirowo mpaka thupi lidakwera galimoto kupita kwawo ku Tsangano. Mkazi wa mzungu mwini famu ataona zimenezo adagwira pakamwa n'kunena kuti inu Amalawi ndinu close-knit. Chrispin adafunsa tanthauzo lake. Donayo adakoka mkono wa juzi yake n'kumuonetsa mmene ulusi udalowererana.

Ndiye kumudzi kuno mawuwo sadaone mpumulo. Pa maliro, close-knit. Pa chinkhoswe, close-knit. Amuna akamakankha ngolo yotitimira m'matope, Chrispin ali chiimire pouma, manja m'jekete, akugwedeza mutu: "Mwaona? Close-knit yomwe ndimanena ija ndi imeneyi."

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, mlamu wake Gibson, mchimwene wa mkazi wake, adamupezerera pansi pa mtengo wa mango. Gibson anali wamfupi, wa miyendo ya matewe, wokonda kuseleula anzake iye osaseka n'komwe.

"Alamu, Chizungu chanu chija chatikwana. Tatiuzani lero, mumatitukwana kapena mumatiyamikira?"

"Kuyamikira, alamu, kuyamikira!" adayankha Chrispin akukonza kolala. "Ndi mawu ochokera ku zolukaluka. Juzi ikalukidwa mothina, mphepo siidutsa. Ndiye azungu amatero ponena za anthu ogwirana, odziwana mpaka ndiwo za dzulo. Koma simungangowaponya paliponse ayi. Anthu odzaza m'minibasi si close-knit, angothinana chabe. Khamu la pamsika wa Nsipe si close-knit, aliyense wabwerera zake. Mawu amenewa ndi a banja, a mpingo, a mudzi ngati uno, woti wina akatsokomola kumtunda, kumunsi ayamba kale kumufunira mankhwala."

"Ohoo. Nanga inuyo muli m'kati mwa juziyo, kapena mumangoiyamikira ili pathupi pa ena?"

Anthu adaseka. Chrispin adaseka nawo, koma mawuwo adamulasa. Ankalidziwa bwino dzina limene ankamutchula akangotembenuka: mtchona, wobwera chimanjamanja. Manyazi ankamudya munthuyu, ndipo pamene manyazi ankakula m'pamenenso ankakweza mawu polankhula.

Chuma chonse cha pakhomo pake chinali munda umodzi wa mpunga kusikimu, umene mkazi wake Sellina adasiyiridwa ndi mayi ake. Munda umenewu ndi umene udalera mwana wawo Tisungane ndi azing'ono ake zaka zonse bambo ali kutali. Ukabereka, nyumba imadya. Ukakana, kulibe kwina kolowera.

Tsono anthu a kuchigwaku ali ndi kalimidwe kawo, kosalembedwa paliponse. Nazale amafesa onse nthawi imodzi. Powokera amayenda gulu, lero munda wa uyu, mawa wa uje, kuyambira wa amasiye ndi okalamba, mpaka chigwa chonse chitabiriwira limodzi. Chifukwa chake n'chaching'ono, chili ndi nthenga: mpheta. Mpunga wonse ukatulutsa ngala nthawi imodzi, mbalamezo zimamwazika, zijompha pano pang'ono, apo pang'ono, palibe amene amalira. Zimenezi ngakhale mwana wa sitandade wani amazidziwa. Chrispin nayenso ankazidziwa, koma ankati iye waona zambiri.

Tsiku lina adachokera ku Nsipe ndi kathumba ka mbewu, nkhope ili ngwee.

"Mayi a Tisungane, taonani. Mbewu iyi ndi yocha msanga. Munda wathu uli kufupi ndi chipata cha ngalande, madzi sativuta. Tikafesa pano, tikolola anthu onsewa akadali pa njala. Mavenda azidzagogoda pakhomo pano, mtengo tizidzanena ndife. Udzu wapadengawu tiuchotsa chaka chino, tiikapo malata."

Sellina adayang'ana kathumbako, adayang'ananso mwini wake.

"Nanga mbalame, bambo a Tisungane?"

"Mbalame? Ine ndalondera famu yoti kuizungulira mpaka pa thalakitala. Ndilephere kamunda kongopondamo katatu n'kutulukira tsidya?"

"Kuno timawokera limodzi."

"N'chifukwa chake mumasaukanso limodzi!"

Sellina adakana, adakananso, mpaka adapita kukadandaula kwa mchimwene wake. Gibson adabwera, adakhala pakhonde, adamvetsera zonse akuseweretsa chipewa.

"Alamu, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

"Limenelo ndi la anthu oopa kutsogola," adatero Chrispin.

Gibson adavala chipewa chake. Potuluka adangouza mlongo wake chapansipansi kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Sellina adagonja, osati chifukwa chokhulupirira mbewuyo, koma adaona kuti mwamuna wake akufuna chinthu chimodzi chokha choti anthu aziloza n'kumati ichi ndi cha Chrispin. Adamumvera chisoni.

Ndipo tinene zoona, munthuyo adagwira ntchito. Jekete lidapachikidwa pamsomali. Adasalaza munda, adakweza migula, adawokera awiriwiri ndi mkazi wake mpaka misana kuwawa, anthu akudutsa pamgula n'kumangoti, "Mwaswera bwanji akumunda?" Pamene gulu linkayamba kuwokera, kuyambira munda woyandikana nawo wa mayi Enelesi, gogo wamasiye wolera adzukulu, mpunga wa Chrispin unali utafika kale m'mawondo. Unali wokongola, abale! Wakuda bii, wonenepa, wogwedezeka ndi kamphepo ngati ukuvina ngoma. Chrispin ankaima pamgula manja m'chiuno.

"Mukuona? Kugwirana n'kwabwino, koma juzi ikathinitsa munthu sapuma," ankauza aliyense wodutsa. "Close-knit ikapyola muyeso, mutu umaleka kuganiza."

Mawu omwe aja oyamikira anali atasanduka chikwapu, ndipo mwini wake sadaone chachilendo.

Mpunga udatulutsa ngala. Ngala zidayamba kudzaza mkaka. M'chigwa chonse, kuyambira kuphiri mpaka kumabango, munda wokhala ndi chakudya unali umodzi wokha.

Mpheta zidayamba zochepa, tiwiri titatu pa chitsamba, tikuyang'ana ngati alendo ofunsa njira. Chrispin adaziseka, n'kuziponyera chibuma. M'mawa mwake zidabwera ndi abale awo. Pofika Loweruka, mayo ine! Kumwamba kunkachita mdima. Zinkatuluka m'mabango ngati utsi, kuzungulira kamodzi, n'kugwera m'munda wa Chrispin zonse nthawi imodzi, phokoso lake ngati mvula pa malata.

Chrispin sadabwerere m'mbuyo. Adamanga nsanja pakati pa munda. Adakoka zingwe mbali zonse, adamangirira zitini za timiyala, majumbo ong'ambika, ngakhale jekete lija adaliveka pamtengo kuti likhale chiopsezo. Adasema legeni. Kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa anali pansanja, kukoka zingwe, kukuwa, kutukwana m'Chichewa, m'Chizulu ndi m'Chibunu. Akathamangira kum'mawa, mbalame zatera kumadzulo. Akatembenuka, zabwerera kum'mawa. Ndipo jekete lija zinkateraponso, paphewa penipeni, kupuma pang'ono zisanapitirize kudya.

Sellina ankalinda mbali ina mpaka mawu adamuthera. Madzulo ankayenda m'mizere n'kumafinya ngala. Zambiri zinali zoyera mbuu, mankhusu okhaokha, mkaka utayamwidwa.

"Bambo a Tisungane, tiyeni tidule zotsalazi. Zina zayamba kufiira."

"Usanakhwime? Ukasweka kuchigayo, tigulitsa misere? Masiku ochepa okha, mayi. Ndazidziwa tsopano mbalamezi, ndizigonjetsa."

"Masiku ochepawo tipeza mapesi."

"Ndati ayi!"

Adakuwa chifukwa anali ndi mantha. Kudula mpunga wosakhwima bwino kunali kuvomera pamaso pa chigwa chonse kuti mtchona walephera, ndipo Chrispin akadalola kugona ndi njala kusiyana n'kuvomera zimenezo. Mawu ake anali atasasa, maso ofiira, masaya atalowa, koma ankauzabe odutsa kuti zonse zili m'manja.

Zoipa zidakula pamene munda wa mayi Enelesi udayamba kutulutsa ngala. Poti ndiwo udayambirira kuwokeredwa, ndiwonso udatsogola pakati pa minda ya gulu. Chaka china chilichonse zimenezo sizikadavuta, chifukwa mbalame zikadafika mochedwa, minda yonse itakonzeka kugawana. Koma chaka chino zinali zitaitanidwa kale, zitamanga mudzi m'mabango, zitazolowera njira. Chrispin akakoka zingwe zake, gulu lonse linkangodumpha mgula n'kugwera kwa gogoyo. Iye ankaona mayi Enelesi akuthamanga chotsimphina, akukupiza chitenje, akuitana Mulungu. Ankayang'ana kumbali. Nkhuyu zodya mwana zinali zitayamba kupota wamkulu.

M'mawa wina Chrispin adadzuka n'kupeza mkazi wake palibe. Adaganiza kuti watsogola. Adatenga legeni ndi botolo la thobwa n'kulowera kumunda. Atangotulukira pa ngalande, adaima.

Migula yonse inayi ya munda wake inali yodzaza anthu. Amuna, amayi a Mvano, akulu a mpingo, ngakhale aja ankakangana nawo za malire. Aliyense chisikilo m'manja, ena atanyamula mikeka ndi matumba. Palibe amene adaponda m'munda. Sellina anali pakati pawo, maso ali pansi, ndipo Chrispin adadziwa pomwepo amene adayenda khomo ndi khomo.

"Kodi kwagwanji?" adafunsa ndi mawu osasa aja. "Ndani wakuitanani pamunda panga?"

"Mwadzuka bwanji, alamu?" adatero Gibson.

"Ndikufunsa!"

"Tadzuka bwino, kaya inu. Tabwera kudzadula mpunga."

"Sunakhwime! Ndipo sindinapemphe munthu."

"Zoona, simunapemphe. Ifenso sitinapemphe mbalame."

Wina adatsokomola pofuna kubisa kuseka. Chrispin adapsa mtima mpaka makutu kulira. Adaloza gulu lonse ndi legeni.

"Ndiye kumeneku ndi kugwirana kwanuko? Kuunjirira munthu pamunda pake ngati wakuba? Bwererani! Wina angoponda muno aona!"

"Palibe aponde," Gibson adayankha mofatsa. "Mwaiwala kodi? Kuno chisikilo cha mlendo sichilowa m'munda mwini asanadule phata loyamba. Mlongo wangayu tamuuza kuti adule, munda ndi wa mayi athu, koma wakana. Akuti wofesa ndinu. Ndiye tidikira."

"Mudikira mpaka madzulo."

"Tidikira. Mawanso tibwera."

Ndipo adadikiradi. Amayi ena adakhala pansi pamgula n'kutambasula miyendo. Abusa opuma adafutukula mpango n'kukhalira. Dzuwa lidakwera. Chrispin adakwera pansanja yake, adawafulatira, n'kuyamba kukoka zingwe ngati palibe munthu. Mumtima ankati aona amene atatope msanga.

Mpheta zidatuluka m'mabango pa nthawi yake. Zidazungulira pamwamba pa munda wa Chrispin, zidaona chikhamu cha anthu chitazinga mbali zonse, zidachita mantha. Zidapendekeka zonse pamodzi n'kugwera munda wa mayi Enelesi.

Chrispin adayembekeza kuti gogoyo athamanga. Adayembekeza kuti anthu abalalika kukathandiza, iye apume. Palibe adasuntha. Chrispin adatembenuka n'kuwaona mayi Enelesi ali pamgula wake iyeyo, osati wawo, chisikilo chakale chomangidwa ndi mphira chili m'manja. Ankayang'ana mpunga wawo ukudyedwa, misozi ikutsika m'makwinya, koma mapazi ali pomwepo.

"Amayi, mbalame m'munda mwanu!" Chrispin adakuwa. "Pitani mukaingitse!"

"Ndikaingitsa lero, mawa zibweranso, bambo," adayankha gogoyo. "Bola mbale yawo yaikuluyi ichoke. Ine ndabwera kudzadula mpunga wanu. Ndiuzeni poyambira."

Apa m'pamene Chrispin adathedwa. Akadamutukwana akadabwezera. Akadalowa mokakamiza akadamenya wina n'kukagona kupolisi mutu uli m'mwamba. Koma nkhalamba yolera ana amasiye itaima phee, chakudya chake chikutha, ikudikira iye? Adachita manyazi oti sadawamvepo chibadwire, ndipo ulendo uno analibe mawu okweza.

Adatsika pansanja. Adadutsa m'matope kupita pamene padaima mkazi wake. Sellina adangotambasula dzanja n'kumupatsa chisikilo. Chrispin adawerama, adagwira phata limodzi la mpunga wake wokongola uja, theka wofiira theka wobiriwira, n'kudula. Adaliimika m'mwamba kuti onse aone.

Nthungululu idalira. Anthu adakhamukira m'munda mbali zonse, ena kudula, ena kututa, ena kuyala mikeka ndi kuyamba kupuntha pomwepo. Achinyamata adathamangira kwa mayi Enelesi akuimba zitini. Amayi a Mvano adayambitsa nyimbo, amuna n'kumavomera ndi mabesi abodza. Palibe adamunena Chrispin, palibenso adamusisita. Wina adangomuuza kuti asunthe, akutchinga njira.

Dzuwa lisanafike paliwombo, munda unali mbee. Zimene zidalowa m'matumba zinali zochepa, zopepuka, zoti ziyanikidwe kaye masiku angapo. Za malata panalibe, mavenda sakadavutika n'kugogoda. Koma Sellina adalowetsa mkono m'thumba limodzi, adafinya, adaluma kambewu, n'kugwedeza mutu.

"Ana adya," adatero. "Mpaka kukolola kwa anzathu tifika."

Chrispin adakhala pamgula, matope mpaka m'ntchafu. Adaitana mlamu wake.

"Alamu, anthuwa ndiwathokoza bwanji? Ndiphikitse thobwa? Ndiphe nkhuku?"

"Nkhuku zisiyeni ziikire," adatero Gibson akupukuta chisikilo pa udzu. "Mbalame zija sizinapite kwawo. Zili m'mabangomo, zili ndi njala, ndipo wozidziwa mayina ndinu. Nsanja yanuyo muizule, mukaizike kwa mayi Enelesi. Muzilinda kumeneko mpaka minda ina itatulutsa ngala."

"Ine ndekha?"

"Munalondera famu ya thalakitala, alamu."

Gibson sadaseke. Chrispin ndiye adaseka, kuseka kosasa, kowawa pakhosi, mpaka misozi. Kenako adadzuka n'kukazula nsanja.

M'mawa mwake, anthu opita kuminda adamva phokoso asanafike n'komwe pa ngalande. Anali Chrispin, ali pamwamba pakati pa munda wa gogo uja, malaya atavula, zingwe m'manja onse awiri, akukalipira thambo ndi kamawu kotsala.

"Chokani! Chokani, afiti inu! Muno mulibe chanu, mpunga uno ndi wa ana!"

Mayi Enelesi adafika mochedwerapo, akutsimphina, atanyamula chinangwa chophika m'kambale. Adachiika m'munsi mwa nsanja n'kukhala pamgula. Kwa nthawi yoyamba chiyambire mbalame zija, adatambasula miyendo.